Abiti Idrisa, Osambitsa Maliro ku Halale

Dzina lawo lobadwa nalo linali Kulsum, koma mu lokeshoni ya Halale aliyense ankawatchula kuti Abiti Idrisa. Anachoka kwawo ku Nyasalande ali mtsikana, kutsatira amuna awo Che Nasibu amene ankawotcherera zitsulo m'mafakitale a ku Workington. Pofika chaka cha 1958 anali atakhala ku Sozibele, mzinda umene munali lokeshoniyi, zaka zoposa makumi awiri, akugulitsa mandasi pafupi ndi msika waukulu wotchedwa Musika. Koma chimene ankadziwika nacho chinali china. Mayi wachisilamu akamwalira, uthenga unkafika pakhomo pawo usanafike n'komwe kwa shehe, pakuti iwo ndiwo ankasambitsa thupi ndi kuliveka sanda.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo, pamodzi ndi lamulo lake: zimene maso aona m'chipinda chosambitsiramo zimatsala momwemo. Pa zaka zonsezo panalibe munthu amene anamvapo kanthu kuchokera pakamwa pawo.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali mwana wawo wotsiriza, Asiya, wazaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wobadwira komweko. Chishona ankachilankhula kuposa Chichewa, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Kanthu kakachitika m'nyumba m'mawa, pofika masana mzere wonse wa nyumba unali utamva, nkhani itathiridwa kale mchere. Tsiku lina anaulula kuti kwa oyandikana nawo kumagona mlendo wopanda chitupa, mpaka munthuyo anathawira kwina poopa apolisi. Abiti Idrisa anakalipa, analangiza, anapita kukapepesa. Asiya ankangoti, "Ndamva, amayi," mawa lake n'kuyambiranso.

Mwezi wa Okutobala kunamwalira Mayi Mwanahawa, amene kwa zaka ziwiri anali atasiya kupita ku maukwati, ndipo ankadzifunditsa nsalu yochindikala ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ena ankati amuna awo amawamenya, ena ankati analodzedwa. Mayi amene ankathandiza Abiti Idrisa kuthira madzi anali atapita kumudzi, choncho iwo anati atenga Asiya.

"Mwana ameneyu?" anafunsa Che Nasibu. "Mukufuna kuti mawa za malemu tikazimvere pa Musika?"

"Ndalankhula mokwanira, bambo. Mwina akaona yekha."

Ananena molimba mtima, koma ankadziwa kuopsa kwake. Akanalakwitsa apa, palibe banja limene likanawaitananso.

M'chipindamo anali atatu: iwo, mchemwali wa malemu ndi Asiya atagwira birika. Posintha nsalu yofunditsa thupi, chinaonekera chilonda chachikulu pabere lakumanzere, chomangidwa ndi sanza zochapidwa bwino. Mtsikanayo anangoyang'anitsitsa, birika lili m'manja.

"Thira, mwanangu," anatero mayi ake motsitsa mawu. "Tiyambire kumanja."

Atatha kumanga sanda, Abiti Idrisa anakokera Asiya pambali. "Mayi awa abisa zimenezi zaka ziwiri. Lero sangathe kudzifunditsa okha. Owafunditsa ndi iwe ndi ine."

Patapita masiku atatu, Abiti Idrisa ankapita ku Musika atasenza dengu la mandasi. Atafika kuseri kwa khoma la pochapira, anamva dzina la mwana wawo. Wolankhulayo anali Mayi a Laston, amene nkhani iliyonse ya mu lokeshoni inkadzera kwa iwo.

"Iwe Asiya, paja unalowa m'chipinda muja. Taura, lankhula mwanangu, unaona chiyani? Zipsera za lamba, eti?"

Amayi ena anasiya kuchapa kuti amve. Abiti Idrisa anaima chilili, dengu lili pamutu. Akanatha kutulukira n'kuimitsa zonse, koma anadziwa kuti akatero sadzadziwa mtima wa mwana wawo. Anadikira. Pampopi madzi anadzaza ndowa ya Asiya mpaka kusefukira.

"Ine ndinkathira madzi, mayi," anatero Asiya. "Ndinaonanso sanda yoyera."

"Basi?"

"Zinazo n'za eni ake."

"Aa! Lero wasanduka shehe?" Amayiwo anaseka, wina n'kumukodola ndi chigongono. "Tiuze pang'ono chabe, sitiuza munthu."

"Ayi, mayi. Koma amene akunena kuti amuna awo ankawamenya akudzisenzetsa tchimo." Anasenza ndowa yake n'kudzera njira ina.

Mawu otsirizawo anapyola pang'ono lamulo la azakhali, koma Abiti Idrisa sanaone cholakwa. Anatula dengu, anakhala pamwala, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene wawoloka mtsinje wodzaza. "Alhamdulillah," ananong'ona, akupukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Tsiku limenelo anafika pa Musika mochedwa, malo awo atakhalapo wina, ndipo sanakangane naye.

Kunyumba sanatchule kuti anamva. Madzulo akukanda ufa wa mandasi a mawa, Asiya anakhala pambali pawo.

"Amayi, kodi chilonda chija chinkawapweteka?"

"Kwambiri."

"Ndipo sanauze munthu?"

"Amuna awo okha. Ndiwo ankachapa sanza zija."

Mtsikanayo anayang'ana pansi, kenaka anasamba m'manja n'kulowetsa zala mu ufa.

"Mukadzaitanidwanso, mudzanditenge."