Dona Wamkuwa Pansi pa Kapeti

Fungo la phula lakuda limandibwezera m'tchalitchi china chakale kufupi ndi Croydon, m'miyezi imene masamba amayoyoka. Munali m'zaka za m'ma 1970. Ine ndi Amayi tinali titangotsatira Abambo, amene anathawa kumudzi pa nkhani za ndale. Tinkakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yokonza nsapato, momwe mbaula ya palafini inkanunkha tsiku lonse ndipo mawindo ankachita thukuta. Sukulu ndinayamba mochedwa. Ndinali wamtali kuposa onse m'kalasi, mawondo akugunda desiki, koma kuwerenga kunkandikanika.

Chaka chimenecho uthenga wa maliro a Agogo, mayi awo a Amayi, unatipeza mochedwa. Anabwera nawo ndi munthu wina wa ku Ntcheu amene anadzaphunzira ku London, pakuti achibale ankaopa kutilembera. Pamene ankatiuza n'kuti pamandapo patamera kale udzu. Amayi sanalire mokweza, chifukwa makoma anali opyapyala ndipo mwini nyumba sankafuna phokoso. Anangosiya kuimba potsuka mbale, kenaka anasiyanso kucheza. Ine ndinkalakalaka kumvanso mawu awo m'nyumba muja.

Tsiku lina aphunzitsi athu anatitengera kutchalitchi chija kukaona za makedzana. Anatiuza kuti kalelo minda yonse inali ya mabwana, ndipo alimi ankabadwira pamunda wa bwana n'kuferanso pomwepo, osaloledwa kusamuka. Alimiwo ankaikidwa panja popanda dzina. Mabwana ankaikidwa m'kati, pafupi ndi guwa, atasiyira ansembe minda kuti aziwapempherera mpaka muyaya. Atatero anapinda kapeti. Pansi pake panali dona wamkuwa, womatidwa pamwala wa manda ake, manja atagwirana mopemphera, kagalu kali kumapazi, tiana take titandanda m'munsi.

Tinayala mapepala pamwamba pake mosinthana n'kumakhula ndi phula lakuda. Nkhope inkatulukira pang'onopang'ono, kenaka makwinya a chovala, kenaka makutu a kagalu. Apa panalibe zilembo zondichititsa manyazi. Pepala langa linaposa onse, ndipo ndinalikulunga n'kuthamangira nalo kunyumba kuti Amayi akamwetulire.

Abambo atamva za alimi aja anaseka pang'ono. "Iwo ankawaletsa kuchoka, ife akutiletsa kubwerera," anatero. Koma Amayi anaima patali ndi pepalalo.

"Wamutenga kuti mzimayi ameneyu, Maliko?"

"Pamanda ake, Amayi. Ali m'tchalitchi."

"Wagwada pamanda a munthu? Ndi nsapato zomwe?"

Anandikokera kusinki n'kundisambitsa m'manja ndi sopo mpaka khungu linawawa. Kwathu mwana sapita kumanda, ndipo chochokera kumanda sichilowa m'nyumba. Pepala langa analiika panja, pamasitepe otsikira kumsewu. Ndinalilirira ngati ndafedwa.

M'mawa mwake ndinawapeza Amayi atakhala pamasitepepo, pepala lili pamiyendo, chala chikuyenda pa tiana tija.

"Ana onsewa, amamusesera ndani?" anafunsa.

Ndinawauza kuti onse anatha kalekale, ndipo ansembe aja anasiya kumupempherera mfumu ya dzikolo italanda mindayo. Kenaka anati, "Loweruka undiperekeze."

Anamanga chitenje pamwamba pa chikhoti, natenga katsache ndi kansalu. M'tchalitchimo ankayenda mokhotakhota, akulambalala mwala uliwonse wolembedwa dzina, ndipo ine ndinatsogola patali kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi. Mlonda wa pamalopo, mzungu wokalamba wotsimphina, anatipindira kapeti osafunsa zambiri. Amayi anavula nsapato. Anasesa fumbi mozungulira mwala, napukuta nkhope ya donayo modekha ngati akusambitsa wodwala. Atatha anakhala pansi pozizira paja, natambalala.

Anayamba ndi nyimbo ya pamaliro, motsitsa. Denga lalitali lamiyala linaitenga n'kuibweza, moti inkamveka ngati akuimba ndi amayi ambiri. Pakati pa nyimbo mawu anaduka, ndipo analira monga amalirira kwathu, akuitana mayi awo. Mlonda uja anavula chipewa n'kutuluka, natseka chitseko kumbuyo kwake. Ine ndinkayang'ana kuwala kofiira kwa pawindo kukuyenda pachitenje chawo, mapazi anga atauma ndi kuzizira.

Tinapitako Loweruka lililonse mpaka madzi anayamba kuundana m'misewu. Pobwerera tinkadutsa pamsika, Amayi n'kundigulira mbatata yotentha yokulunga m'nyuzipepala. Tsiku lina ndikukwera masitepe ndinamva nyimbo ikuchokera kusinki, pamodzi ndi kugundana kwa mbale. Ndinaima pomwepo mpaka inatha. Pepala lija silinalowepo m'nyumba. Linakhala pansi pa masitepe mpaka chinyezi chinalidya.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti ndawachiritsa ndine ndi luso langa, ndiponso kuti Amayi anangomukonda dona wanga. Lero ndikudziwa kuti anachita kubwereka manda, poti a mayi awo anali kutali. Iwonso anagona kunokuno ndale zisanasinthe, atandipempha kuti njira ikadzatseguka ndidzakasese pa Agogo ku Ntcheu. Njira inatseguka kalekale. Imvi zadzaza mutu, ine ndidakali ku Croydon.

Mwezi watha ndinapitanso kutchalitchi chija, kansalu kali m'thumba. Ndinapeza dona uja atamuzungulizira chingwe kuti anthu asamamukhudze. Ndinaima kunja kwa chingwecho nthawi yaitali, nsapato zili m'manja.