Nsabwe za Alamu ku Halale

Ndiyambe ndanena kuti nsabwezo sindinawapatse ndine. Alamu anazitola okha ku Halale, ine ndili kwathu kwa Malenga Chanzi. Changa chinali chitedze basi, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka nthiti zimandiwawa.

Chaka chimenecho anali atandibweza ku sekondale kuti ndikakhale kaye kumudzi miyezi itatu, chifukwa cha chule amene anapezeka m'chipewa cha mphunzitsi wa Chilatini. Kumudziko ntchito yanga inali yowerengera anthu makalata. Amuna ambiri anali kunja, ena ku Joni, ena ku Halale, ndipo kalata ikafika mayi aliyense ankabwera nayo kwa ine ataimangirira pansonga ya nsalu.

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ankagwira ntchito yosankha fodya. Sukulu analekezera m'kalasi yachiwiri, ndiye kalata ankalemba okha ndi pensulo, zilembo zikuyenda ngati nkhanu. Ine ndi iwo tinkachita chilamu chenicheni. Asanapite anandithirapo mchenga wotentha m'malaya ndili kusoka ukonde, ine ndinawamangirira chambo chowola kunsi kwa chishalo cha njinga. Panalibe wokwiya. Alamu amakhala choncho.

Kalata yoyamba itabwera, achemwali anakhala pamkeka akupeta mpunga, mwana ali kumsana.

"Werenga pang'onopang'ono, iwe. Usamathamange ngati ukuthawa galu."

Tsamba loyamba linali la moni ndi kufunsa za mvula. Tsamba lachiwiri linali langa, ndipo pamwamba analembapo kuti ndisawerenge mokweza. Ndinatsokomola, n'kuwauza achemwali kuti alamu akuti ndikonze denga la nkhokwe. Maso anga okha ndiwo anapitiriza.

"Mlamu, ndagwidwa ndi nsabwe za pachinena. Ndinagula bulangete lakale kwa munthu wa m'komboni, zachokera m'menemo, ndalumbira. Tulo ndilibe. Pantchito ndimadzikhula pangodya ya tebulo ngati ng'ombe pamtengo. Kuchipatala sindingapite, akauza bwana andichotsa ntchito. Ndipezere mankhwala akumudzi unditumizire msanga. Mlongo wako asamve, aganiza zina."

Ndinathamangira kuseri kwa nthochi kukaseka. Munthu wamkulu, wandevu zake, kudzipereka yekha m'manja mwanga chonchi! Madzulo omwewo ndinapita kudambo kumene kumayanga chitedze. Ndinathyola nyemba zake ndi timitengo tiwiri, ndinapala ubweya uja ndi mpeni nditatembenukira kumbali, n'kuusakaniza ndi ufa wa kondowole. Ndinakulunga m'pepala la m'kope langa la masamu, pamwamba n'kulemba ngati dokotala: pakani m'mawa ndi madzulo, musasambe.

Ndinene zoona. Ndinkaganiza kuti akangokhudza ndi chala adziwa. Kodi kunyanja kuno alipo mwana wosadziwa chitedze? Ndinkawaona m'maganizo akudumpha, akunditukwana, kenako akuseka ndi anzawo. Sindinkadziwa kuti munthu woti wakhala mwezi osagona amakhulupirira chilichonse chochokera kwawo.

Kalata yachiwiri inafika Lachinayi, patapita masabata atatu. Achemwali anakhalanso patsogolo panga, ulendo uno ndi amayi.

"Mlamu, mankhwala ako ndi amphamvu koma sanandiyanje. Ndinapaka masiku awiri monga unalembera. Ndinadzikanda mpaka magazi. Mnzanga anati ndithire palafini, ndinathira, khungu lasupuka. Ndajomba masiku anayi, ndikuyenda motang'adza. Nsabwe zikadalipo. Koma usadandaule, wina wogwira ntchito pafamu walonjeza kundibweretsera mankhwala a dibi ya ng'ombe Lamulungu la kumapeto kwa mwezi. Akuti ndisasungunule ndi madzi, ndingopaka, zonse zifa tsiku lomwelo."

Dibi ndinkaidziwa. Kusukulu kwathu galu wa mlonda anangonyambita madzi otayikira pamene ankasambitsira ng'ombe, dzuwa lisanapendeke anali atauma miyendo. Ndiye munthu apake yosasungunula, pazilonda zotseguka? Ndinawerenga masiku ndi zala pansi pa kalatayo. Lamulungu la kumapeto kwa mwezi linali litangotsala masiku atatu. Kalata yopita ku Halale inkayenda sabata yathunthu.

"Watani, wangoti kakasi?" anafunsa amayi.

"Akuti ali bwino. Anenepa."

"Tsamba lonselo akungoti anenepa?" anatero achemwali.

"Akutchula zakudya zimene akudya, chimodzichimodzi."

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali asanalandire kalata yawo.

Chotsala chinali telegalamu, ndipo inkatumizidwa kuboma kokha. Koma ndikalembamo chiyani? Kungoti musapake, iwo akupenga ndi kuyabwa, akanapakabe. Ndinafunika kuwapatsa china chogwira. Lachisanu kukucha ndinatenga njinga ya mwalimu wa pamzikiti, yomwe inali itatsamira pamtengo wa mango. Sindinabe. Ndinauza mbuzi yake kuti ndibweza.

Mvula inali itagwa sabata yonse. Msewu unali phala, matope ankamata matayala mpaka njinga kukana kuyenda, ndipo pena ndinkainyamula pamutu. Pamtsinje madzi anandifika m'chifuwa. Ndili pakati ndinayamba kupemphera, koma pemphero lake linali la mawu amodzimodzi: asabwere msanga munthu wa dibi uja, asabwere Loweruka, athyoke mwendo ngati n'kotheka. Ndinkaona achemwali atameta mpala, mwana uja akukula osawadziwa atate ake, ndipo ine ndikuwerenga ndekha kalata ya bwana yonena za maliro.

Ndinafika kuchipatala dzuwa lili pamutu. Mzere unali wautali, ndiye ndinagwira pamimba n'kuyamba kubuula mpaka amayi ena anandikankhira kutsogolo. Amene ankaona odwala anali bambo wina wachikuda ngati ife, mthandizi wa dokotala wachizungu, koma tonse tinkangoti adokotala.

"Pamimba patani?"

"Pamimba pali bwino, adokotala. Ndabwerera mnzanga."

"Ehe. Mnzakoyo watani?"

Ndinanong'ona. Iwo sananong'one.

"Nsabwe za pachinena! Aliyense wobwera nazo pano amati n'za mnzake. Mnzakoyo wavala kabudula wako?"

Pabenchi panamveka kuseka. Ndinawauza zonse, za Halale, za palafini, za dibi. Za chitedze ndinazisiya, koma iwo anafunsa chimene chinayambitsa zilonda, ndipo nditayankha anavula magalasi.

"Ukuphunzira sekondale iwe?"

"Inde, adokotala."

"Boma likutaya nthawi." Anatenga pepala. "Tamvera. Dibi ikalowa pachilonda imapita m'magazi, munthuyo sangaone Lolemba. Palafini asayerekezenso. Zilondazo akazionetse kuchipatala, azitsuke, zipole kaye. Nsabwe n'zazing'ono, palibe amachotsedwa ntchito chifukwa cha nsabwe, azungu omwe amakhala nazo. Akamupatsa mankhwala opaka, oyera ngati mkaka. Apake monga amuuzire, abwerezenso pakatha sabata chifukwa mazira ake amatsalira patsitsi. Zovala zonse ndi bulangetelo aziwiritse mumgolo, aziyanike padzuwa, azisite ndi simbi yotentha. Ngati pali wina amene amafunda naye, nayenso achite chimodzimodzi, apo ayi azingobwezerana."

"Sangagule yekha kusitolo ya mankhwala?"

"Akanagula poyamba paja, asanamve za mlamu wake wanzeru. Pano ndi zilonda, apite kuchipatala. Thamanga, kupositi atseka."

Kupositi kunandidikira vuto lina. Telegalamu inkafikira mu ofesi ya bwana wawo. Ndikalemba m'Chingerezi, bwanayo awerenga, ndipo alamu akanalolera kufa kusiyana ndi zimenezo. Ndikalemba m'Chinyanja, awerenga kalaliki wa pano. Ndinasankha Chinyanja, ndinabisa dzina la matenda, n'kupereka pepala pawindo.

DIBI AYI MUFA. UFA UJA CHINALI CHITEDZE. PITANI CHIPATALA LERO SACHOTSA NTCHITO. WIRITSANI ZOVALA NDI BULANGETE. KALATA IKUBWERA. MLAMU.

Kalalikiyo anali mkulu wa mpingo, wa tayi ndi zolembera zitatu m'thumba. Anawerenga kawiri, n'kundibwezera.

"Iyi sinditumiza."

"Bwanji, bambo?"

"Mufa. Ukuopseza ndani? Masiku ano a chitaganya ano, mawu otere akadutsa pawaya, apolisi abwera kwa ine. Ufa wanji? Dibi ndi ndani? Ana asukulu inu mwayamba ndale."

"Si ndale, bambo, ndi matenda."

"Matenda anji ochiritsa ndi kuphika bulangete?"

Wotchi ya pakhoma inali itatsala pang'ono kukwana nthawi yotsekera. Kumbuyo kwanga kunali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo wachitatu anali mayi wa m'mudzi mwathu, woyandikana nafe munda wa mpunga, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake imatulukira pachitsime. Ndinayesa kulankhulira pansi. Kalaliki anati samva, khutu lina linafa. Ndinagwada pasimenti, matope akuuma m'miyendo, ndikulira zenizeni, zosayeserera ngati kuchipatala kuja. Anayamba kutsitsa chitseko cha pawindo.

Ndiye ndinakuwa. Ndinanena zonse, dzina la nsabwezo, malo ake, chitedze, palafini, Lamulungu. Kenako mkulu wina wa ndodo anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. Kalaliki anakweza chitseko chija, anatenga pepala osandiyang'ana, ndipo ndinamva makina akugogoda kuchipinda.

"Ifika liti, bambo?"

"Ku Halale ifika lero. M'manja mwa munthu wako, zimenezo adziwa ndi mesenjala wa kumeneko."

Ndinalembanso kalata yaitali ya zonse zimene ananena adokotala, ndinaiponya, n'kugona kwa wachibale kuboma. Pofika kumudzi Loweruka masana ndinapeza mayi wa kupositi uja anandipitirira ndi nkhani yonse, anakwera bwato. Mwalimu anali pabwalo kudikira njinga yake, koma ataona nkhope ya achemwali anangoitenga n'kumapita.

Achemwali sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anatulutsa makalata awiri aja, n'kundikhazika pamtondo.

"Werenga. Mawu aliwonse. Ukalumpha amodzi ndidziwa."

Ndinawerenga, amayi ali pomwepo atagwira pakamwa. Nditamaliza, achemwali anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Wayayo afika nayo nthawi yake?"

"Sindikudziwa, achemwali."

Lamulungu lija sindidzaliiwala. Kutchalitchi anthu ankandicheukira n'kumadzikanda mwadala, ndipo tsiku lina lililonse ndikanaseka nawo. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa pazenera. Panopa munthu wa pafamu uja wafika. Panopa akutsegula botolo. Mwina mesenjala anaika telegalamu m'thumba n'kupita kumowa. Mwina ofesi inatsekedwa Loweruka, pepala langa lili patebulo kudikira Lolemba. Masana sindinadye. Achemwali nawonso sanadye, ndipo sanandilankhule tsiku limenelo, ngakhale lotsatira lake, ngakhale sabata yonse. Njinga iliyonse ikamveka belu pamsewu tonse awiri tinkatuluka, aliyense khomo lake, kuopa kuti ndi mesenjala wa kuboma wobwera ndi uthenga wa maliro. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi tinakhala choncho.

Kalata itabwera, achemwali anayang'ana envulopu, anazindikira zilembo za nkhanu zija, n'kukhala pansi pomwepo pabwalo. Kwa ine sanaipereke. Anaitana mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, ine ndinamvera ndili kuseri kwa mpanda.

Telegalamu inawapeza Lamulungu m'mawa. Inagona mu ofesi, ndipo kapitawo wina wa ku Dwangwa ndiye anaiona n'kuwapititsira kukomboni. Botolo la dibi linali litafika kale, lili pansi pa bedi, ankangodikira kuti anzawo apite kumpira kuti atsale okha. Anapita kuchipatala Lolemba. Anawatsuka zilonda, anawakalipira, patapita masiku anawapatsa mankhwala oyera aja. Bwana sanafunse n'komwe. Bulangete analiwiritsa mpaka linasanduka la mwana. Nsabwe zinatha.

Mphunzitsi anafika pomaliza, anakonza kukhosi, n'kuwerenga ndi mawu a m'kalasi: "Uzani mlamu wanga kuti ndikubwera pa Khirisimasi, ndipo asagone tulo."

Achemwali anapukuta maso, n'kuuza mphunzitsi kuti atenge cholembera. Anati alembe kuti athokoza Mulungu, kuti mwana wayamba kuyenda, ndiponso kuti nkhani ya kumene kunachokera nsabwezo aikamba pamaso, abwere ndi bulangetelo lidzachitire umboni. Kenako anakweza mawu osatembenuka.

"Iwe uli kuseri kwa mpandawe, uli ndi mawu oti uwauze alamu ako?"

Ndinasuzumira. Ndinati alembe kuti ndamva achira, ndiye mankhwala anga aja anagwira ntchito, anangochedwa. Chipande cha achemwali chinandiphonya pang'ono, chinakamenya nkhuku.