Zidziwitso Makumi Anayi za Amalume

Amalume anga aphunzitsa kuwotcherera zitsulo zaka makumi awiri pasukulu ya ntchito zamanja. Zala zawo ndi zipsera zokhazokha, maso sauma misozi, ndipo polankhula amakuwa ngati wina akudula chitsulo pambali pawo. Mwana akalakwitsa kukopera muyezo wapabolodi, amamubwerezetsa mpaka zifanane ndendende.

Ine ndimagwira ntchito pa ofesi ya kafukufuku. Timawerenga zidziwitso za ntchito zapaintaneti n'kumauza akuluakulu maluso amene akufunidwa. Chaka chatha kompyuta inapeza zidziwitso zitatu zokha zofuna owotcherera. Zitatu! Bwana wanga, munthu woti sanagwirepo ngakhale hamala, analemba mu lipoti kuti lusoli lilibe msika. Akusukulu atawerenga anauza amalume kuti manambala akapanda kusintha teremu isanathe, kalasi yawo itsekedwa.

"Bwana, wowotcherera samusaka pa intaneti," ndinatero. "Amangofika pageti, kumupatsa zitsulo ziwiri alumikize, basi walembedwa."

"Chomwe kompyuta sinaone, kulibe," anayankha akutokosa m'mano. Zinandinyansa mpaka kumtima.

Amalume anandipeza kunyumba. "Mphwanga, ndiye chimakina chanucho chimangomvera zolembedwa?"

Ndinati eya. Kupusa kwanga, sindinafunse chomwe ankaganiza.

Masabata awiri anapalasa njinga kuyendera ana omwe anawaphunzitsa, amene lero ali ndi mashedi awoawo. Anapeza makumi anayi ofunadi wothandiza, poti amalume bodza sagwirizana nalo. Analemba chidziwitso chimodzi papepala: "Tikufuna wowotcherera waluso, wosamwa pantchito." Aliyense ankakopera pafoni n'kuchiika pa intaneti, amalume ataima kumbuyo. Wina anayesa kuwonjezera mawu ake, anamufufutitsa.

Koma abale, kompyuta yathu ikaona zidziwitso zofanana imati ndi chimodzi chongobwerezedwa, zinazo n'kutaya. Makumi anayi aja inawameza, n'kulavula chimodzi. Ndinatengera bwana maina a mashedi onse, ndinawachonderera kuti tiyimbe foni ngakhale zisanu. Akuti tisasokoneze ndondomeko. Ndondomeko yake iti, yowerenga anthu ngati nyemba? Asa!

Lachisanu amalume anabwera ku ofesi atavala jekete la ku ukwati, nkhope ili mwee.

"Zafika zingati, mphwanga?"

"Zinayi, amalume."

Anakhala pabenchi pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Koyamba m'moyo wanga ndinawamva akulankhula motsitsa.

"Ndiye kuti ana anga aja andinamiza?"

Ndinawafotokozera kawiri konse kuti onse anatumiza, vuto ndi makina. Ankangopukusa mutu, osakhulupirira. Kalasi inatsekedwa, ndipo mpaka lero sanapondenso pashedi ya mwana wawo aliyense.