Nkhuku ya Kaputeni

Holo ya ozimitsa moto ya ku Laurel, ku Maryland, inkanunkha thukuta, popukoni wopserera ndi mafuta aja opaka m'minofu, oluma m'mphuno ngati tsabola. Inali nyengo yotentha, sukulu titatsekera, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi. Mafani akuluakulu a m'makona ankangozunguza mpweya womwewo. Pakati pa holo ankamanga bwalo la zingwe, ndipo munthu akagwa pamenepo matabwa apansi ankalira mpaka kumvekera m'mano. Loweruka lililonse masana ndinkakhala pa mpando wachitsulo wa kutsogolo, ntchafu zitamatirira, n'kumaonera malume anga akumenyedwa.

Malume a Yohane, mlongo wawo wa amayi, ankakhala nafe m'nyumba yathu ya lendi, ndipo ankagona pa sofa miyendo ili lende. Mkati mwa sabata ankasamalira okalamba: kuwanyamula pa bedi, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni. Loweruka ankavala kabudula wa mawanga a kambuku, kupaka choko kumaso, n'kusanduka Mkango wa ku Africa wa masewera ogwetsana, resiling'i. Mkango wovala kambuku. Palibe anafunsapo. Dzinalo anawapatsa ndi Gary, mzungu wa mimba yaikulu, mwini masewerawo, amene ankayenda ndi mluzu m'khosi ngakhale sankauimba. Amayi ankagwira ntchito Loweruka ndipo panalibe wina wondiyang'anira, ndiye malume ankangonditenga.

Pofika mu Julaye ndinkadziwa ndewu iliyonse isanathe. Malume ankalowa akubangula, anthu n'kumawakuwiza. Kenako ankalowa Kaputeni, mnyamata wa tsitsi lachikasu wa konko ku Laurel, mwini lamba wa ukatswiri, akupatsa ana moni m'mizere. Malume ankayamba ndiwo kumupanda, kumukoka tsitsi woyimbira atayang'ana kumbali. Ndiye Kaputeni ankayamba kugwedeza chibakera m'mwamba ali chogona, anthu n'kumaomba m'manja, ndipo ine ndinkadziwa kuti basi zatha. Ankadzuka, kuponya zibakera, kudumpha kuchokera pa chingwe chapamwamba, woyimbira n'kumenya pansi katatu. Ndinkazitchula mokweza zisanachitike, mpaka mayi wina wa pambali panga anandiuza kuti nditseke pakamwa. Koma zoti pali munthu amene amakonza zimenezi sizinandibwerere m'mutu. Ndinkangoti malume anga ndi munthu watsoka amene saphunzira.

Chaka chimenecho iwo anali atasintha. Anasiya zakumwa za shuga. M'mawa ankathamanga kukwera ndi kutsika masitepe a nyumba yathu mpaka mayi wa pansi kugogoda denga ndi tsache. Tsiku lina tikubwerera m'galimoto, paketi ya ayezi ili pakhosi, anatsitsa wailesi.

"Tadala, kumapeto kwa Ogasiti lamba akubwera kunyumba. Woyamba kumuvala udzakhala iwe."

Anali atagonja zaka zambirimbiri m'holo imeneyo, koma sanazinene ngati munthu wolota. Anazinena ngati akunena tsiku lolandira.

Loweruka lina ndewu sinayende monga ndinkadziwira. Kaputeni atayamba kugwedeza chibakera chake chija, malume anatuluka m'zingwe, anatenga mpando wachitsulo wopinda, analowetsa mkono wamanja wa mnyamatayo pakati pake n'kudumphira pamwamba. Phokoso lake linali la nkhuni youma. Kaputeni anakuwa mpaka mawu kusasa. Anamutulutsa pa machira, ana akulira, ndipo bambo wina anaponya chitini chimene chinandiphonya pang'ono. Malume anaima pakati pa bwalo akuseka. Manja amenewo ndi amene ankandiluka tsitsi amayi akachedwa ku ntchito.

Kanema wake anafika pa foni ya amayi ife tisanafike pakhomo. Tinawapeza ataima m'khitchini, yunifolomu asanavule.

"Iwe Yohane, wathyola mwana wa eni ake?"

"Achemwali, ndi masewera. Zisiyeni."

"Masewera othyola mkono? M'dziko la eni? Ukufuna apolisi agogode pano?"

Malume anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana pansi. Ndinadziwa pambuyo pake kuti Gary anali ndi lamulo loti wa m'masewera asaulule kanthu ngakhale kwa mkazi wake, ndipo malume ankasunga lamulo la bwana ngati la m'Baibulo. Anangobwereza kuti ndi masewera. Koma amayi anawabereka malume kumsana ali khanda, ndipo sankamva zonena zawo. Anati kwathu ku Dedza wako akavulaza munthu sudikira kuitanidwa. Umanyamuka wekha ndi nkhuku yamoyo kukapepesa.

Nkhuku yamoyo ku Maryland sugula m'sitolo. Amayi anapempha Mayi Zulu, mnzawo wa kutchalitchi wochokera ku Lusaka, kuti awatengere pa galimoto ku famu ina kunja kwa tauni. Anabwera nayo Lachisanu, yoyera, yonenepa, miyendo yomangidwa ndi kachingwe. Inagona m'bafa pa manyuzipepala, ndipo nyumba yonse inanunkha khola. Malume sanaione, chifukwa sabata imeneyo ankagonera kwa nkhalamba ina ku Alexandria. Ine ndinatsuka mano tikuyang'anitsitsana nayo.

Loweruka amayi anajomba ku ntchito, chinthu chimene anali asanachitepo. Anavala chitenje chatsopano ndi duku. Masewera asanayambe, Kaputeni anali atakhala pa tebulo pafupi ndi khomo, mkono uli m'nsalu yakuda yokoleka m'khosi, akusaina zithunzi ndi dzanja lamanzere movutikira. Amayi anaima pa mzere pamodzi ndi ana, nkhuku ili m'dengu lovundikira. Itafika nthawi yawo, anagwada maondo onse awiri pa simenti. Mayi Zulu anagwada pambali pawo akuomba m'manja mofatsa. Holo inayamba kukhala chete kuchokera kukhomo kulowera m'kati. Amayi anayankhula Chingerezi chawo cha kuntchito, pang'onopang'ono. Anati iwo ndi mchemwali wake wa munthu uja, banja lathu lachita manyazi, ndipo akupempha kuti alandire. Anavundukula dengu n'kupereka ndi manja awiri.

Kachingwe ka m'miyendo kanali katamasuka. Nkhuku inakupiza mapiko, inalumphira pa tebulo, zithunzi zinamwazika, ndipo inalunjika kumaso kwa Kaputeni. Iye anaiwakha m'malere. Anaiwakha ndi dzanja lamanja, la mkono wothyoka uja, molimba ngati akugwira mpira, nsalu yakuda ikulendewera m'khosi yopanda kanthu.

Mafoni anali kale m'mwamba. Wina anayamba kuseka, kenako holo yonse. Amayi anali chigwadire, kukamwa kuli yasa, maso ali pa mkonowo.

"Amake Tadala," ananong'ona Mayi Zulu m'kayankhulidwe ka kwawo ku Lusaka, "kwanja kwapola so chabe?"

Ndinathamangira kuseri kwa katani kumene ochita masewera ankavalira, kumene ankandiletsa kulowa. Ndinapeza malume atakhala pa benchi, choko atapaka theka la nkhope. Pambali pawo amuna awiri amene sabata yatha ankafuna kuphana ankagawana sangweji. Gary analowa nkhope ili psuu. Anatukwana, anayenda uku ndi uku, kenako anaima n'kutchera khutu. Panja anthu ankalira ngati nkhuku, akuseka, akumenya mapazi pansi. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Sanandione, kapena sanasamale, ndipo ananena zonse ine ndili pomwepo. Nkhani ya mkono yafa, anatero. Zoti Kaputeni akhale pambali mpaka nyengo yozizira, malume n'kutenga lamba kumapeto kwa Ogasiti, zafanso. Anthu akufuna nkhuku, ndiye apatsidwa nkhuku.

"Munandilonjeza," anatero malume motsitsa mawu.

"Tamvera panjapo, m'bale wanga," anayankha Gary. "Anayamba akuwapo chonchi chifukwa cha iwe?"

Ndinaima pamenepo ndikumva kuti ndewu zonse zimene ndinazilirira zinakonzedwa pa benchi imeneyo. Malume sanali atsoka. Ankagonja chifukwa ankauzidwa kugonja, ndipo kupambana kwawo kumodzi kokha kunafufutidwa m'nthawi yochepa kuposa imene amayi anataya pomanga duku.

Kumapeto kwa Ogasiti holo inadzaza mpaka anthu kuima m'makoma. Amayi sanabwere. Malume analowa atanyamula dengu lokhala ndi nkhuku yapulasitiki, m'chiuno atamanga nsalu yamaluwa imene Gary anagula, imene ine ndinaona kuti inali ya pa tebulo. Anagwada pamaso pa Kaputeni n'kuomba m'manja. Kaputeni anatenga nkhukuyo n'kuwamenya nayo kumaso, ndipo inalira kamawu kopyapyala. Zotsalazo ndinazidziwa zisanachitike, koma nthawi imeneyi sindinazitchule. Chibakera m'mwamba, chingwe chapamwamba, katatu pansi. Mumzere wonse wosaseka ndinali ine ndekha. Malume anachita zimenezo Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi, kenako bondo linawakana, ndipo Gary anapeza Mkango wina.

Panthawiyo ndinkati malume ndi abodza ndiponso amantha. Ndinatha miyezi ndikuwayankha mwachidule m'Chingerezi, ngakhale akandifunsa m'Chichewa. Ndinkati akanataya dengulo n'kumuthyola Kaputeni mkono zenizeni, mwina ndikanawapatsa ulemu. Pano koleji ndinaisiyira panjira, ndimalongedza makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo mabwana ngati Gary ndaonana nawo ambiri. Amakuitana m'bale wawo, amakuuza za mawa lako, kenako amamva phokoso lina panja. Resiling'i ya pa TV ndimaithimitsa anthu akangolowa m'bwalo, chifukwa wopambana amaoneka ndi nyimbo yake. Malume ankawadziwa masewerawa kuposa ine, ankadziwa bwino amene amaloledwa kupambana m'holo ngati imene ija, koma ankathamangabe pa masitepe m'mawa uliwonse. Chimenecho ndicho sindinachione ndili mwana.

Amayi okha ndiwo sanasinthe maganizo mpaka lero. Nkhaniyi ikatuluka alendo akabwera, amanena kuti mnyamatayo nkhuku analandira, anapita nayo kwawo, apolisi sanabwere, ndiye mlandu unatha bwino. Ine sinditsutsa, ngakhale kutsutsa ndi khalidwe langa. Malume amakhala ali pomwepo pa sofa, bondo atalitambasula pa kampando, ndipo amangoti, "Zoona, achemwali, unatha."