Bandulo ya Dda Mbarek

Dda Mbarek (kuno mwamuna wamkulu timamutchula kuti Dda) anawadziwa bambo awo kudzera m'makaseti. Bambowo anachoka kuno ku Tinghir, m'dziko la Morocco, iwo ali ndi zaka zinayi, kupita kukakumba malasha kumpoto kwa France, ndipo popeza sankadziwa kulemba, ankatumiza mawu. Kaseti ikafika, banja lonse linkakhala pamkeka kuzungulira wailesi. Dda Mbarek amati chifuwa cha bambo awo chinkamveka chikukula kaseti ndi kaseti, mpaka chaka china kaseti sinabwere. Kunabwera bokosi.

Atakula anagula kamera yonyamula paphewa, nayamba kujambula maukwati ndi maphwando otchula dzina la mwana. Ankakulunga matepi m'nsalu n'kuwapatsira anthu okwera basi yopita ku France, kuti abale a kumeneko aone. Matepi atatha ntchito anayamba madisiki. Madisiki nawo atatha, anatsegula tsamba lawolawo pa intaneti. Kuno banja silingalole kuti nkhope za amayi ndi atsikana ake zizionedwa ndi aliyense wodutsa, choncho patsambali banja lililonse lili ndi nambala yake yachinsinsi.

Ine ndinayamba ntchito pashopu pawo nditamaliza sekondale. Mayi anga ndiwo anandiperekeza.

"Itto wanguyu sayankhula, koma amaona," anatero mayi.

"Ndiye amene ndikufuna," anayankha Dda Mbarek. "Woyankhula ndili naye kale." Analoza Dda Assou, telala wa khomo loyandikana ndi lathu, amene amakhala pabenchi yathu nthawi yaitali kuposa pamakina ake.

Ntchito yanga ndi kudula mavidiyo ndi kuwaika patsamba. Mavidiyowo sachokera pakompyuta yathu mwachindunji, chifukwa bwenzi akudukaduka. Pali kampani ina yomwe ili ndi makompyuta m'mizinda yambiri, imene imasunga makope pafupi ndi owonera n'kumawatumizira kuchokera pamenepo. Imalipiritsa malinga ndi kuchuluka kwa zomwe anthu awonera. Mwezi wina bilu inkakhala yaing'ono, mwezi wina inkawasowetsa Dda Mbarek chilakolako cha tiyi.

M'mwezi wa Malichi anamva kuti kampaniyo imagulitsa bandulo yolipiriratu ya chaka chonse. Anthu akamawonera, kampani imayamba yachotsa mu bandulomo, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri. Nkhaniyi inawakomera.

"N'chimodzimodzi kugula barele pa nthawi yokolola," anatero. "Wanzeru amadzaza nkhokwe zinthu zisanadule."

Anasonkhanitsa ndalama zonse za zipatso za kanjedza za chaka chatha, madirihamu zikwi zitatu. Tsiku logula ine ndinaima kumbuyo kwa mpando wawo. Pakompyuta panabwera funso lakuti owonera anu ali chigawo chiti, ndipo pansi pake panali mndandanda: Ulaya, Amerika, Asiya, kenako Afrika ndi maiko a Aluya.

"Funso lanji ili?" anaseka Dda Mbarek. "Owonera anga ndi anthu a kuno. Ndijambule maukwati a azungu ine?"

Anasankha chigawo chathu n'kulipira. Kenako anasiya madirihamu mazana anayi mu akaunti, oti azingokhala. Mumtima mwanga munadutsa kanthu, koma ndinakameza. Ndinali nditangotha miyezi iwiri pantchito, ndipo munthu wa imvi sumugwira dzanja ali pampando wake.

Zinaululika mu Juni. Lolemba lina kunabwera uthenga wakuti ndalama za mu akaunti zatha, tapitirira ndi madirihamu zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu, ndipo tikapanda kulipira pofika Lachisanu, mavidiyo asiya kutumizidwa.

"Akuba!" anakuwa Dda Mbarek. "Ndinalipira chaka chonse ine!"

"Nkhokwe yako yalowa mbewa, m'bale," anatero Dda Assou ali pabenchi. "Ndinakuuza, munthu sagula barele amene sangamugwire m'manja."

"Iwe khala chete. Buluku la mlamu wanga wakhala nalo chiyambire Ramadani."

Loweruka la sabata lomwelo kunali ukwati wa Touda, mwana wa mayi wina wa kuno, Lalla Rqia. Bambo a Touda, a Bassou, ali ku Lille, ku France, zaka makumi atatu. Impso zawo zinasiya kugwira ntchito, ndipo amapita kuchipatala katatu pasabata kukatsukidwa magazi, moti ulendo wobwera kuno sakanautha. Lachiwiri m'mawa Lalla Rqia anabwera pashopu ndi buledi wotentha atamukulunga m'nsalu.

"Dda Mbarek, bambo a Touda adzaona tsiku lomwelo, si choncho? Agula jelaba yatsopano yoti adzavale pokhala kutsogolo kwa televizioni. Ndawauza kuti palibe amene adzakuoneni, akuti Touda adzadziwa."

"Adzaona, Lalla. Ngakhale fumbi la m'mapazi a ovina adzaliona."

Mayiwo atatuluka, Dda Mbarek anakhala pansi osamukhudza buledi uja. Ndalama analibe. Mabanja a kuno amalipira wojambula ukwati utatha, ena mpaka abale a kunja atabwera mu Ogasiti.

Masana Dda Mbarek atapita kumzikiti, ndinatsegula tsamba la kampani lija n'kuyang'ana bwinobwino. Bandulo yathu inali yodzaza, itangonyemedwa pang'ono chabe. Pansi pake panali mndandanda wa kumene owonera anali m'miyezi itatuyo: France, Belgium, Spain, Holland. Morocco inali kumapeto, ndi kachiwerengero kochititsa manyazi. Anthu a kuno amakhala alipo paukwati, sakhala ndi chifukwa chowoneranso. Zonse zopita ku Ulaya bandulo sinkazikhudza, kampani inkazichotsa mu akaunti pa mtengo wa nthawi zonse.

Ndinatseka tsambalo iwo asanabwere. Tsiku limenelo sindinanene kanthu, chifukwa kunena kunali kuvomeranso kuti ndinaona mu Malichi n'kukhala chete.

Lachitatu ndinawapeza atatulutsa kamera yawo yakale yapaphewa m'kabati, akuipukuta fumbi. Ndinadziwa kuti akuganiza zokaigulitsa, komanso ndinadziwa kuti palibe angaigule.

"Dda," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, ndiye ndinabwereza. "Dda Mbarek. Sanakubereni."

Dda Assou anatembenuka pabenchi. "Ha! Mwanayu ali ndi lilime?"

Ndinatsegula tsamba lija n'kuwalozera mndandanda. Ndinawauza kuti bandulo yathu imalipirira anthu owonera ali kuno kokha, pamene owonera athu ali ku Ulaya.

"A Bassou ndi a ku Ulaya?" Dda Mbarek anakweza mawu. "Bassou ndi wa kuno! Tinkaba naye makangaza m'munda wa agogo ake a Assou uyu. Manda a mayi ake ali apo. Akamwalira adzagona kuno."

"Ndiye munali inu?" anatero Dda Assou. "Tinakwapula mwana wa eni."

"Kompyuta siidziwa za makangaza, Dda," ndinatero. Ndinalozanso mndandanda uja. "Imangoona pamene munthu wakhala powonera. Zili ngati madzi. Inu munalipira maola a ngalande ya kuno, koma munda uli kutsidya kwa mtsinje. Madzi anu alipo, sanabedwe. Kungoti sangawoloke."

Anayang'ana mndandandawo nthawi yaitali, milomo ikuyenda powerenga maina a maiko.

"Onsewa?" anafunsa motsitsa. "Zaka zonsezi ndimajambulira anthu ali kutali okhaokha?"

"Inde, Dda. Komanso tsiku lija ndinakayika, koma ndinaopa kunena."

Ndinayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangovula magalasi n'kutikita m'maso.

"Mayi ako anati umaona. Sanandiuze kuti ukaona umasunga ngati mafuta a m'botolo. Lembera anthuwo, uwafunse ngati angatisinthire."

Ndinalemba m'Chifalansa cha kusukulu. Anayankha masana omwewo mwaulemu kuti bandulo ikagulidwa siisinthidwa chigawo, monga zinalembedwera pogula, koma yathuyo ikhala yamoyo mpaka Malichi. Ndinawerengera papepala. Kungoika ndalama mu akaunti kukanatipulumutsa Loweruka lokha, chifukwa achibale a Touda ndi ambiri ndipo amawonera mobwerezabwereza. Bandulo yaing'ono ya chigawo cha Ulaya ikanatifikitsa kumapeto kwa chaka. Pamodzi ndi zomwe tinapitirira zija, pankafunika madirihamu chikwi chimodzi ndi mazana atatu.

Dda Mbarek ali ndi kamunda m'dimba, kamene bambo awo anagula ndi ndalama za malasha. Muli kanjedza zisanu ndi ziwiri ndi udzu wa nkhosa, ndipo madzi a m'ngalande amafika kwa iwo maola atatu nthawi yawo ikakwana. Munda wa Dda Assou uli kumunsi kwake, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuwasirira maola amenewo. Mu Juni madzi sapatsana ngakhale pachibale.

Dda Mbarek anatuluka n'kukakhala pabenchi.

"Assou, chimanga chako chija chafota."

"Chikupuma."

"Ndikubwereka madzi anga maulendo anayi. Chikwi ndi mazana atatu."

"Maulendo asanu ndi limodzi."

"Anayi. Ndipo ndiiwala za buluku."

"Asanu. Makangaza aja sanalipiridwe."

Anagwirana chanza pa asanu. Dda Assou analowa m'shopu mwake, natuluka ndi chitini cha mabatani, pansi pake pali ndalama zopindapinda. Popereka anang'ung'udza kuti udzu wa nkhosa ungafe koma kanjedza sazilola kuti zife, ulendo wachitatu adzatsegulira madziwo kumizu yake kaye asanawatsitsire kwake. Dda Mbarek ananamizira kuti sanamve.

Lachinayi tinapita kubanki, kenako tinakhala pakompyuta. Funso lija litabwera, anabweza mpando wawo m'mbuyo.

"Dina ndiwe. Dzanja langa likukana kunena kuti Bassou ndi wa ku Ulaya."

Ndinadina.

Loweruka Dda Mbarek anali kuukwati ndi kamera, ine ndili pashopu. Ankabweretsa zomwe ajambula pang'onopang'ono panjinga yawo yamoto, n'kubwereranso. Ndinaika gawo loyamba, pamene amayi ankamuveka Touda nsalu yofiira kumaso akuimba. Kenako ndinatsegula tsamba la kampani n'kudikira. Patapita kanthawi bandulo yatsopano inayamba kutsika pang'ono. Mu akaunti simunachotsedwe kanthu. Sindinaganizepo kuti munthu angasangalale kuona chinthu chake chikuchepa.

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe, Dda Mbarek atabwera ndi gawo lomaliza, foni yawo inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera ku Lille. Anaika foniyo patebulo, ine ndi Dda Assou, amene anali atangobwera kuchokera kuukwatiko, tinayandikira. A Bassou ankapuma movutikira pakati pa mawu. Anati aona zonse zomwe tinaika, kuti Touda wafanana ndi azakhali ake, ndipo anafunsa kuti munthu wonenepa amene amaphonya kuwomba m'manja kumzere wakutsogolo uja ndi ndani, ngati si Assou. Dda Mbarek anaumvetsera katatu. Kachitatuko ankayang'ana kukhoma.

Bandulo yaikulu ija inatsala yodzaza, ndipo inkawapweteka mtima. Sabata yotsatira anatsitsa makatoni a matepi akale, maukwati a zaka makumi atatu zapitazo, amene makope ake anapita ku France koma eni ake a kuno sanawaonepo. Tsopano ndimawasamutsira pakompyuta limodzilimodzi, ndipo banja lililonse timalipatsa nambala yake ulere. Amayi amabwera kudzaitenga, ena n'kubweranso mawa lake maso ali ofiira chifukwa aona amayi awo akuvina. Ena mwa iwo atilembetsa kale maukwati a mu Ogasiti. Bandulo ya kuno yayamba kutsika.

Tepi ya ukwati wa Dda Assou tinaipezanso. Anali ndi tsitsi lambiri, komanso ankaphonya kuwomba m'manja kale. Akuti tisaiike, koma dzulo anandifunsa chapansipansi kuti nambala yake idzakhala chiyani.