Magetsi Anga Anaperekeza Mphepo

Ndine ndinaika magetsi mumsewu wathu ku Palabana, aja oyaka okha munthu akamadutsa. Ndinadzitama kuti masensa ake, tizipangizo tozindikira munthu akamadutsa, amauzana uthenga. Madzulo owaonetsa anthu, masensawo anakana kulumikizana. M'malo movomera, ndinabisa foni m'jekete n'kumayatsa magetsiwo ndekha podina foniyo, amayi Tembo, apampando a komiti, akuyenda patsogolo.

Kenaka iwo anaima, nagwada kupereka moni kwa apongozi awo. Ine maso ali m'jekete, ndinapitiriza kudina. Magetsi anapitirira okha mumsewu wopanda munthu.

"Manje malaiti aya yaona ndani?" anafunsa amayi Tembo.

"Ni mphaka, amai," ndinayankha, katswiri wonse ine.

Mphaka sanamuone aliyense. Mpaka lero azimayi opita ku Misa amazungulira njira ya kuminda. Akuti mumsewu wanga wamakonowo mumayenda anthu osaoneka.