NyaChirambo ndi uvuni wa matauni atatu

Ku Hewe mukafunsa za Muriel, anthu amangokuyang'anani ngati mwasokera. Nenani kuti NyaChirambo woumba mbiya, akulozerani nyumba ya malata ofiira, koma akuchenjezaninso kuti mwina simumupeza. Mayi ameneyu matako ake sadziwana ndi mpando.

Sukulu anailekera Sitandade 5, ati benchi linkamuotcha. Anagulitsapo tomato ku Bolero, kaunjika pa boma la Rumphi, nakachapako mabulangete a alendo ku Chelinda miyezi itatu, mpaka chisanu cha kumeneko chinamuthamangitsa. Chokhacho chimene chinakakamira m'manja mwake ndi dongo. Kuumba anaphunzira kwa azakhali ake, ndipo pamodzi ndi lusolo anamupatsa lamulo limodzi: tsiku lootcha likayandikira, woumba amadika. Masiku asanu ndi awiri mkazi mphasa yake, mwamuna mphasa yake. Ukaphwanya lamulolo, mbiya zimaphulika pamoto ngati mbuliwuli, mudzi wonse n'kudziwa zimene unachita.

Mwamuna wake, Amock Luhanga, ndi mlimi wa fodya, munthu wosachulutsa mawu. Lamulolo analipeza m'banja ngati mmene munthu amapezera chitsa m'munda, n'kumangochilambalala. Mbiya zinkaotchedwa kawiri pachaka. Sabata imodzi si imfa. Anabereka ana anayi, woyamba Thandi, banja n'kumayenda.

Kenaka kunabwera nkhani ya mbaula. Anthu a m'tauni amadya makala kuposa ndiwo, ndipo mapiri a kuno ameteka mpala chifukwa cha iwo. Bungwe lina linasonkhanitsa anthu a ku Mzuzu, a pa Rumphi ndi a ku Karonga, ati tauni imodzi ikalimbana ndi makala payokha, matumba amangodutsa pa njinga kupita ku tauni inzake. Choncho anagwirizana kugawana ntchito. Rumphi, poti ili ndi dongo labwino, iziumba mbaula zadothi zophika ndi tinkhuni titatu, n'kuziotcha mu uvuni umodzi waukulu pa boma. Lole imodzi, osati atatu, izinyamula kukatula ku matauni enawo. Utsi uchepa, ndi mpweya woipa umene ati ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula uchepanso.

NyaChirambo anamva nkhaniyi ali kuchigayo. Ufa anausiya komweko. Pofika mwezi wotsatira anali wapampando wa amayi khumi ndi awiri, mbaula zana limodzi ndi makumi awiri zitandandalika m'shedi pa boma, zouma gwa, zongodikira moto.

Koma panali kamfundo kamodzi. Pootcha koyamba pankafunika nthumwi za matauni onse atatu, zione ndi maso nkhuni zikuyezedwa pa sikelo, kuti zikachitire umboni kuti uvuniwo umadyadi pang'ono. Woyendetsa zonsezi anali Walusungu, mwana wa abusa, mnyamata wa digiri, wonyamula laputopu ngakhale popita kukagula mandasi.

"Mama, Lachisanu likubwerali tikuotcha," anatero Walusungu.

"Yewo chomene," anayankha NyaChirambo. Atafika kunyumba anatulutsa mphasa yachiwiri.

Lachisanu m'mamawa anakwera matola, fumbi mpaka m'makutu, n'kupeza Walusungu akukanda mutu. Nthumwi ya ku Karonga inali ku maliro. Maliro sawatsutsa. "Ndiye Lachisanu linalo, mama."

Apa ndi pamene panagona msampha, ndipo muumvetse bwino. Akanati mwezi wamawa, mayi wa anthu akanapinda mphasa ija n'kupumako. Koma nthawi iliyonse tsiku latsopano linkakhala patsogolo ndi masiku asanu ndi awiri ndendende. Sabata yodika ikatha, ina inkayamba pomwepo osapatsa mpata ndi tsiku limodzi lomwe.

Lachisanu lachiwiri, wa ku Mzuzu anali ku Lilongwe, kumsonkhano wokambirana zochepetsa maulendo a galimoto. Lachisanu lachitatu, mafuta a galimoto anasowa. Lachisanu lachinayi anabwera onse, mabotolo a madzi m'manja, koma sikelo itatsala ku ofesi, ndipo aliyense ankayesa kuti watenga mnzake. Anajambulitsa chithunzi pa uvuni wozizira, n'kubwerera.

Amayi enawo sizinkawakhudza. Ambiri anali amasiye ndi agogo, ndipo achitsikana awiri a tchalitchi cha maseche ankati zodikazo ndi zachikunja. Koma NyaChirambo tulo tinamuthawa. Ankasesa pabwalo kawiri m'mawa umodzi, kuzira nyumba yozira kale, kukalipira nkhuku zosalakwa. Pa sabata yachisanu Amock anamupeza akutsuka mphika woyera.

"NyaChirambo, kodi ine ndinakwatira mkazi kapena komiti?"

"Awiske Thandi, kwangotsala Lachisanu limodzi."

"Lachisanu limenelo lili ndi ana angati? Limangoswana."

"Mukufuna mbaula zana ziphulike pamaso pa anthu a ku Mzuzu? Dzina langa likathere pamsika?"

"Nanga langa? Kuchigafa anzanga ayamba kundifunsa ngati ndikudwala."

Sabata yotsatira njinga ya Amock, ya chishalo chokulunga ndi lamba wofiira, inaonedwa itatsamira mtengo wa mango kwa Pamela, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa. Inaonedwa Lachiwiri, inaonedwanso Lachinayi. Munthu wamkulu angadye zitumbuwa zingati? Amene anaona anauza mnzake mmodzi yekha, ndipo mnzakeyo anauzanso mmodzi yekha, mpaka nkhani inafika pachitsime isanafike kwa mwini wake.

Amock sanabise. Anthu ofatsa amaopsa pamenepo. Lachinayi la sabata yachisanu ndi chiwiri, akusoka fodya, ananena osadzutsa mutu:

"Ndalankhula ndi amalume a Hezron. Loweruka m'mawa akupita kwa abale a Pamela ngati thenga. Iwe ukhalabe wamkulu, palibe akukuthamangitsa."

Thenga, kwa inu a kumwera, ndi munthu wokafunsira mbeta m'malo mwa mwini wake. Akangolowa pakhomo la eni n'kukhala pansi, nkhani yachoka m'manja mwa awiri, yapita kwa mabanja. Kubweza kwake n'kovuta kuposa kubweza mkodzo.

NyaChirambo sanalire. Anamanga chitenje kawiri, n'kunena kuti, "Mawa ndi Lachisanu."

"Ndikudziwa," anatero Amock.

M'mawa mwake anafika pa boma dzuwa lisanakwere. Amayi anali atalongedza kale mbaula mu uvuni, nkhuni zili mulu pambali. Walusungu anatulukira akuyenda ngati mwana amene waswa kapu ya alendo.

"Mama, pepani chomene. A ku Karonga galimoto yawo ili ku garaja. Ndiye tagwirizana kuti Lachisanu..."

"Usamalize."

"Koma mama, dongo louma siliwola. Sabata imodzi ingaononge chiyani?"

Mnyamatayu anali msinkhu umodzi ndi Thandi, mwana wa abusa, ndipo nkhani za kumphasa sizikambidwa kwa mwana woti ukanam'bala wekha. NyaChirambo anayang'ana kumwamba, anayang'ana zala zakuphazi.

"Mwana wanga, dongo lili ndi miyambo yake. Kunyumba... kunyumba kukuzizira."

"Ndi Juni uno mama, kulikonse kukuzizira."

Nelly NyaKumwenda, mnzake wa NyaChirambo kuyambira utsikana, wamasiye wosaopa pakamwa, anaponya pansi chikuni chimene ananyamula.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, iwe Muriel. Tamvera kuno, dada wa laputopu. Woumba sagona ndi mwamuna wake mpaka moto utayaka n'kuzima. Mayi uyu masabata asanu ndi awiri akugona ngati mlendo m'nyumba mwake chifukwa cha Lachisanu lanulo. Mawa mwamuna wake akukafunsira wina. Zalowa m'kompyutamo?"

Walusungu anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, koma amayi khumi ndi awiri anali adakali pomwepo akumuyang'ana.

"Zimenezo... sizinalembedwe m'ndondomeko," anatero ndi mawu a mwanapiye.

"Munatifunsa?" anatero Nelly. "Munafunsa za dongo, za chikombole, za nkhuni. Za amuna athu munafunsa?"

"Popanda nthumwi kuona sikelo, uvuni wonsewu sauwerengera. Ndipo sikeloyo ili ku Mzuzu," anatero Walusungu.

NyaChirambo anali atachokapo kale. Anabwera pasanathe mphindi khumi, kumbuyo kwake kukubwera bambo wogulitsa nyama pamsika, sikelo yake yokoleka ili paphewa, idakali ndi mafuta a mbuzi. Anaikoleka pa nthambi ya mkesha.

"Foni yakoyo imaonetsa nkhope, eti? Thandi amatiimbira choncho pa foni ya aphunzitsi. Aimbire onse awiri. Aone ali kwawo komweko. Si ndiwo amati tichepetse utsi? Maulendo amene ndayenda ine pa matola, ndi amene ayenda iwo kudzajambulitsa, utsi wake ungaphike nyemba za boma lonse."

"Mama, ntchito indithera."

"Iwe ntchito, ine banja. Imba."

Anaimba. Wa ku Mzuzu anatulukira pagalasi, tayi ali pakhosi, n'kuyamba Chingerezi chachitali: izi n'zosemphana ndi mgwirizano, wapampando wosamvera achotsedwa. NyaChirambo anati wamva, amuchotse, koma ayang'ane kaye muvi wa sikelo. Wa ku Karonga anali mayi wachikulire. Nelly analanda foni n'kumunong'oneza mawu atatu anayi. Mayiyo anaseka mpaka chithunzi chinagwedezeka.

"Masabata asanu ndi awiri? Mwe! Amayi anga ankaumbanso. Yezani nkhunizo, ine ndikulemba. Achimwene a ku Mzuzu, lembani nanunso, ndikufotokozerani pambali."

Anayeza mtolo ndi mtolo, netiweki ikuduka ndi kubwerera, wa nyama akufuula manambala ngati akugulitsa nthiti. NyaChirambo anagwada pakhomo la uvuni, nakhwatcha machesi. Koyamba kamtengo kanathyoka. Kachiwiri moto unayaka.

Moto wa mbaula sufuna phuma, umayamba pang'onopang'ono kuti dongo lisadzidzimuke, ndipo palibe chinamuzunza NyaChirambo ngati chimenecho. Tsiku lonse anazungulira uvuniwo mpaka anapanga kanjira, khutu lili tcheru kumvera ngati m'katimo muphulike kanthu. Moto unazima dzuwa litalowa, matola omaliza opita ku Hewe atanyamuka kale. Uvuni unkafunika masiku awiri kuti uzizire. Mwini wake analibe masiku awiriwo.

"Nelly, mukatsegule nokha. Zikaphulika, si ine."

Loweruka anakwera galimoto yoyamba, pamwamba pa matumba a simenti. Dalaivala anaima ku Bolero kudikira anthu, iye n'kutsika kukamuitanira yekha okwera, kukoka ndi amene sankapita kulikonse. Atatsika ku Hewe anathamanga, mayi wa zidzukulu, nsapato zili m'manja.

Pakanjira kolowera kwake anakumana ndi a Hezron, jekete la ukwati lili pathupi, buluku atalimanga ndi kalamba m'akakolo, phazi limodzi lili kale pa pedulo. Amock anali pakhonde. NyaChirambo anagwira kaliyala wa njinga ndi manja onse awiri.

"Monire apongozi. Ulendo wa kuti m'mawa uno?"

"Mwana wanga, ine ndangotumidwa."

"Tsikani."

"Ndadzola kale mafuta, NyaChirambo. Nsapato ndapolisha dzulo."

"Tsikani, ndapota nanu, ndisanakugwetseni ndi ulemu wonse."

A Hezron anayang'ana kwa mphwawo. Amock anatsika pakhonde mosafulumira, nayima patsogolo pa mkazi wake. Nsidze za mayiyo zinali zitawauka mbali imodzi, tsitsi lili mbuu ndi simenti, thupi lonse likununkha utsi.

"Mwaotcha?"

"Taotcha. Moto wazima dzulo."

"Anabwera a ku Mzuzu?"

"Anabwera pagalasi. Upampando mwina andilanda."

"Nanga akadzabweranso ndi Lachisanu lawo?"

"Tsiku akaika, aika. Akasintha, adike okha."

Amock anayang'ana njira yopita kwa Pamela, nayang'ananso manja akuda ogwira kaliyala aja. Anansi anali atayamba kusesa mabwalo awo, onse kumbali yoyang'ana kuno.

"Amalume," anatero potsiriza, "mwavutika. Jeketelo musalidetse, mawa ndi tchalitchi."

A Hezron anatembenuza njinga akung'ung'udza za polishi wawo. Iwo asanafike ndi pamsewu pomwe, chitseko cha nyumba ya malata ofiira chinali chitatsekeka, dzuwa lili pamutu pa chigafa, mbuzi zikulira m'khola popanda wozitsegulira.